Mtengo wa magolovesi ku Winnipeg: tipachikepo zotani, ndipo atenge ndani?

Make Chisomo (Winnipeg): Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani yofuna kuthandizana nzeru, makamaka ife a kuno ku chigawo cha Manitoba ku Canada, koma a kwina musakhale chete. Ku tchalitchi kumene ambirife timapemphera aimika kale mtengo wa Khirisimasi polowera, ndipo sanaukongoletse ndi timagetsi ayi. Pa nthambi zake anthu amapachika ma mittens, zipewa ndi masikafu, ena zogula, ena zoluka okha. Mtengo ukadzaza amatsitsa nkukapereka ku sukulu zoyandikira ndi kumalo ogona anthu osowa pokhala. Ndi mwambo wa m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'malaibulale ambiri ku Canada ndi ku America. Ine ndimati chaka chino ife Amalawi tisonkhe monga gulu, m'malo moti aliyense azingoponyapo kake. Mukuona bwanji?

Aphunzitsi (Dedza): Mwaswera bwanji kumeneko amayi. Ife a kuno timadziwa magolovesi a akabaza ndi a kuchipatala basi. Amenewa ndi otani?

NaBanda (Winnipeg): Aphunzitsi, ndi magolovesi ndithu, kungoti zala zinayi zimalowa m'thumba limodzi, chala chachikulu chokha nchimene chili ndi kathumba kake. Zala zikakhala pamodzi zimafunditsana, ndipo malo othawira kutentha amachepa. Nchifukwa chake kukazizira zenizeni anthu a kuno amavula a zala zisanu aja nkuvala amenewa, ngakhale kuti kugwira nawo foni kapena makiyi kumavuta.

Bambo a Tadala (Winnipeg): Ine ndilankhule mosapsatira. Dziko lino ndi lolemera. Boma lili ndi ndalama, mabungwe othandiza alipo ambirimbiri. Ife kangachepe kamene timapeza kali kale ndi eni ake kumudzi: fizi, feteleza, mankhwala a makolo. Anthu a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe amene namondwe wa Freddy anawagumulira nyumba mu Malichi 2023, ena mpaka lero sanaimenso bwino. Ndalama ya peyala imodzi yabwino kuno ikhoza kugula bulangete kumudzi nkutsalako chenje. Ndiye tisonkherenji anthu a kuno pamene athu akugona pa mphasa yopanda chofunda?

Make Chisomo: Achimwene, zakumudzizo palibe akutsutsa, ndipo ndalama ya Disembala ija imene timatumiza isakhudzidwe. Ineyo ndikunena za m'dera limene ana athu amaphunzira, m'basi imene timakwera m'mawa. Tikukhala kuno, sitikungodutsa.

NaBanda: Bambo a Tadala, ndiloleni nditalikitseko pang'ono, chifukwa ine zimenezi ndimazionera kuntchito. Kuzizira kwa kwathu kumapweteka, koma kwa kuno kumadula ziwalo. A zanyengo a boma la Canada amachenjeza kuti kuzizira pamodzi ndi mphepo kukafika pa madigiri -28 mpaka -39, khungu losaphimba likhoza kuuma ndi chisanu pakati pa mphindi 10 ndi 30. Mphindi zimenezo ndi zimene munthu amaima pa siteji basi ikachedwa. Zimayamba ndi kulasalasa kunsonga za zala, kenako dzanzi, kenako khungu limayera nkulimba. Choopsa nchakuti ululu ukasiya munthu amaganiza kuti wazolowera, pamene ndiye zafika poipa. Pakatha tsiku kapena awiri pamatuluka matuza, ndipo matuzawo akakhala a magazi madokotala amayamba kuwerenga zala zimene zingapulumuke.

Mukumbukira anyamata awiri a ku Ghana amene anadutsa malire wapansi kuchokera ku America, pafupi ndi tauni ya Emerson kuno ku Manitoba, pa 24 Disembala 2016? Anafika amoyo, koma zala zinadulidwa pafupifupi zonse, kuno ku Winnipeg konkuno. Mu Januwale 2022 m'dera lomwelo anapeza banja la anthu anayi a ku India, makolo ndi ana awiri, atafa ndi chisanu. Boma lolemeralo linalipo nthawi yonseyi. Ndalama za boma sizifika pa dzanja la munthu pa ola limene akuzifuna.

Bambo a Tadala: Za Emerson ndikuzikumbuka bwino, tinalira tonse. Koma amenewo anali m'minda usiku, sanali m'tauni.

NaBanda: A m'tauni ndiwo ambiri, kungoti salembedwa m'nyuzi. Woyeretsa m'maofesi woweruka 11 koloko usiku. Mayi wokankha ngolo ya mwana wopanda chovala m'manja chifukwa zake waveka mwana wamkulu. Munthu wogona kunja amene mittens yake yanyowa madzulo ndipo alibe poumitsa.

Mphatso (Winnipeg): Aanti ndi amalume, ndingayankhuleko? Ndikuona ngati tikukamba za anthu akutali, koma ena mwa osowawo ndi ife ana anu a sukulu. Munthu amatsika ndege mu Seputembala ndi jekete imene anagula pa kaunjika ku Tsoka, akudziona kuti wakonzeka. Pofika Novembala fizi yadya zonse, lendi yadya zotsala. Ndili ndi anzanga, Amalawi ndi a ku Zambia, amene amaima pa siteji manja ali m'khwapa, ena amavala masokosi m'manja kunsi kwa jekete kuti anthu asaone. Mtengo wa ku tchalitchi uja amaudutsa Lamlungu lililonse, koma palibe angatambasule dzanja. Amati zimenezo ndi za anthu ovutika, ndipo kumudzi akudziwa kuti iwo ali kunja, zinthu zili bwino.

Make Chisomo: Mphatso mwanangu, bwanji simunena?

Mphatso: Manyazi aanti. Komanso ambiri sadziwa nkomwe kuti zimene avalazo sizokwanira. Amagula timagolovesi totambasuka totchipa tija, akuganiza kuti magolovesi ndi magolovesi.

Bambo a Tadala: Aaa, apo pokha mnyamatayu wanena zoona. Ine ndimagwira ntchito ya zomangamanga, panja tsiku lonse, ndiye za m'manja ndimazidziwa. Timagolovesi timeneto pa -25 ndi chimodzimodzi kusavala kanthu. Ndipo mukapita kukayang'ana mtengo wa ku tchalitchiwo, mupeza nthambi zadzaza tomweto, tofiira, tapinki, ta ana aang'ono. Tokongola pa mtengo, koma mwamuna wamkulu dzanja lake silingalowe. Ngati tichite zimenezi, tisachite zokongoletsa mtengo.

NaBanda: Zimenezo ndiye zenizeni. Anthu ogwira ntchito kumalo ogona osowa pokhala, monga ku Siloam Mission ndi ku Main Street Project, amalandira akuluakulu, ambiri mwa iwo abambo. Opereka mtima wawo umathamangira kwa ana, nzosadabwitsa, koma masaizi aakulu ndi amene amasowa.

Agogo a Mayamiko (Winnipeg): Ana anga, mwadzuka bwanji nonse. Mdzukulu wanga ndiye akundilembera, ine ndikungonena. Ine ndine mayi wa Dorika kuyambira ndili ku Malamulo, kuluka ndi kusokera osowa ndi ntchito imene tinakulira. Kuno ndinabwera kudzalera zidzukulu, masana onse ndimangokhala pa windo. Mukandipezera wulu ndi masingano, ndiluka. Peyala ya munthu wamkulu sinditenga nthawi. Koma musandigulire wulu wonyezimira wotchipa uja, ndaugwira kale, ulibe thupi.

Make Chisomo: Zikomo agogo, Mulungu akudalitseni. Tigule wotani?

NaBanda: Wa ubweya wa nkhosa weniweni, kapena wosakaniza koma ubweya ukhale wochuluka. Ubweya umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono. Thonje ndiye ayi ndithu, limamwa madzi nkumasunga, dzanja limazizira kuposa poyamba.

Bambo a Tadala: Agogo, ndi ulemu wonse, choluka pachokha mphepo ya pa mphambano ya misewu ya Portage ndi Main, pakati pa tauni yathu ino, imachiboola. Pamafunika zigawo ziwiri. Ife kuntchito timavala choluka mkati, chachikopa kapena chosalowa madzi kunja. Chamkati chikanyowa ndi thukuta umasintha, chakunja chili chomwecho. Komanso pamkono pazikhala patali, pazilowa m'kati mwa dzanja la jekete, chifukwa pampata pamenepo ndi pamene chisanu chimaluma.

Agogo a Mayamiko: Wanena bwino mwana wanga. Ndiye ine ndiluke zamkati, inu mugule zakunja.

Malume (Leeds): Moni a ku Canada. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pali njira ina imene mwina ingakuchepetsereni mtengo. Mukukumbuka chithunzi cha Bernie Sanders, wandale wa ku America, atavala ma mittens, atakhala pa mpando, manja atapingasa, tsiku lolumbiritsa Joe Biden kukhala pulezidenti pa 20 Januwale 2021? Ma mittens aja sanali oluka ndi masingano. Anasoka ndi mphunzitsi wa ku Essex Junction ku Vermont, Jen Ellis, kuchokera ku majuzi akale a ubweya, mkati nkuikamo nsalu yofunda ya fleece yopangidwa kuchokera ku mabotolo apulasitiki. Chithunzi chija chitafala, a Sanders anachisindikiza pa majuzi ndi matisheti, ndipo m'masiku ochepa anapeza madola 1.8 miliyoni amene anapita ku mabungwe othandiza anthu ku Vermont, kuphatikizapo operekera chakudya okalamba m'makomo. Ine chimene ndinatolapo si ndalamazo ayi. Ndi chakuti juzi lakale limatulutsa chinthu chofunda kuposa cha m'sitolo. Kumeneko masitolo a kaunjika alipo, ndipo Mmalawi wodziwa makina osokera sasowa.

Make Vitumbiko (Winnipeg): Malume mwandikumbutsa. Ine ndinaphunzira zimenezi kwa mayi wina wachikulire wa ku tchalitchi, ndipo makina ndili nawo. Juzi liyenera kukhala la ubweya weniweni, muziwerenga kachikwangwani ka pakhosi. Mumalichapa m'madzi otentha ndi sopo, nkuliumitsa m'makina otentha. Limafota nkulimba, moti mukadula ndi sizasi ulusi suthothoka ndipo mphepo silowa msanga. Kenako mumajambula dzanja pa katoni, kusiya mpata wa chala chimodzi kuzungulira, chifukwa chothina chimatseka magazi ndipo dzanja limazizira msanga. Zidutswa zimakhala zitatu: cha kumsana kwa dzanja, ndi ziwiri za kuchikhatho zimene zimakumana pa chala chachikulu. Pamenepo mpamene pamavuta, msoko wake umakhota, ndipo ukathamanga pamatsala kabowo. Za mkati mumadula chimodzimodzi pa kabulangete ka fleece, msoko uziyang'ana kunja kuti usakande khungu. Lamba wa m'munsi mwa juzi uja, wotambasuka, ndiye amakhala pamkono. Juzi la munthu wamkulu limatulutsa mapeyala awiri, nthawi zina nkutsalako chipewa cha mwana.

Agogo a Mayamiko: Koma ndiye nzeru. Ndidzabwere ndidzaone ndi maso, kudula ndingathandize.

Mlembi wa gulu (Winnipeg): Zikuyenda bwino. Ine pempho langa ndi lakuti tsiku lopereka tidzajambule zithunzi, tiike pa tsamba lathu la Facebook. Anthu aone kuti Amalawi nafenso timathandiza, sitimangolandira. Zingatithandizenso tikamapempha holo yochitira 6 Julaye.

Achemwali (Johannesburg): Alembi, pamenepo ndikupemphani muganizirenso. Jambulani mtengo, jambulani agogo akuluka, jambulani mulu wa majuzi. Koma nkhope ya wolandira ayi. Kuno ku Joni ndinaonapo anthu ataimikidwa pamzere m'mawa wa Julaye, bulangete m'manja, akudikira wojambula akonze kamera. Mmodzi anali wa kwathu ku Mangochi, ndipo chithunzicho chinafika kwa mkazi wake iye asanamuuze kuti ntchito inatha. Chaka chotsatira sanapitekonso, anasankha kugona ndi mbaula m'chipinda chotseka, zimene zimapha anthu kuno chaka ndi chaka.

Pali a 67 Blankets for Nelson Mandela Day, amene anayambitsa Carolyn Steyn kumapeto kwa 2013. Amaluka mabulangete, koma chimene chimandisangalatsa ndi masikafu awo. Nyengo yozizira amawamangirira pa mitengo ndi pa mipanda m'misewu, ndi kapepala kouza wodutsa kuti ngati wazizidwa atenge. Woluka sadziwa watenga ndani, wotenga sathokoza aliyense.

Mlembi wa gulu: Ndamva achemwali, koma popanda umboni anthu osonkha amayamba kufunsa kuti ndalama zapita kuti. Tonse tikudziwa mmene nkhani za ndalama zimapasulira magulu.

Make Chisomo: Umboni ndi malisiti ndi chiwerengero, alembi. Tidzalemba pano kuti tagula wulu wa zakuti, tasoka mapeyala akuti, apita kwakuti. Nkhope ya munthu si lisiti.

Mphatso: Zithunzi zikakhalapo, anzanga aja sabwera, ndikuuziranitu. Ngakhale kaundula wolemba maina, sabwera.

NaBanda: Ndiye tigawe pawiri. Zina zipite pa mtengo monga mwa mwambo wa eni dera, tisaunyoze, wathandiza anthu zaka zambiri. Zina tiike m'katoni pakhonde lopachika majekete, pamene aliyense amadutsa yekha potuluka. Pasakhale munthu wolondera. Tilembepo kuti aliyense atenge, kaya waiwala zake kunyumba, kaya zanyowa. Munthu akatenga, palibe angadziwe chifukwa chake.

Mphatso: Imeneyo ingatheke. Mawu akuti "waiwala" akhalepo ndithu.

Malume: Kuno ku Britain chisanu chake nchamvula, sichifika pa chanucho, ndiye chimene amasonkhetsa kwambiri ndi majekete. Ku London kuli Wrap Up London, mwezi wa Novembala amaika malo olandirira majekete m'masiteshoni a sitima, anthu amasiya popita kuntchito. Chimene ndikufuna muone ndi mweziwo. Iwo amayamba chisanu chisanakhwime. Inu mtengo wanu umatsitsidwa liti?

Make Chisomo: Sabata ya Khirisimasi isanakwane, kuti ana alandire sukulu zisanatseke.

Bambo a Tadala: Apo ndiye pali vuto lina. Mtengo umachoka mu Disembala, koma mwezi woopsa kuno ndi Januwale, ndipo Febuluwale sasiyana naye kwenikweni. Nthawi imeneyo anthu atopa nkupereka, ngongole za Khirisimasi zawapana. Mwana amene analandira mu Disembala pofika pakati pa Januwale wataya imodzi m'basi. Wanga Tadala amataya, ndiye wa mnzanga angalephere bwanji? Katoni ya NaBanda ija ikhale mpaka Malichi, ndipo tisatulutse zonse tsiku limodzi.

Make Vitumbiko: Za kutayazo, ndikasoka za ana ndizisoka zofanana mtundu, kuti imodzi ikatayika ina ipeze inzake m'katoni. Ndiikanso kansalu koyera mkati kolembapo dzina.

NaBanda: Ndiwonjezere chimodzi choti tiwauze ana a sukuluwa, Mphatso ukafikitse. Zala zikachita dzanzi nkuyera, osazitikita, osazipaka sinowo, osaziika pa chitofu kapena pa hita, chifukwa khungu lopanda kumva limapsa mwini wake osadziwa. Lowa m'nyumba, vula mphete, viika m'madzi ofunda ngati osambitsira khanda, madigiri 37 mpaka 39. Zikamabwerera zimapweteka kwambiri, usaleke. Ngati khungu lalimba, latuluka matuza, kapena kumva sikukubwerera, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati ukudziwa kuti utulukanso panja nthawi yomweyo, usazifunditse kaye, chifukwa kuuma kachiwiri kumawononga kuposa koyamba.

Mphatso: Ndakopera aanti, ndiika pa gulu la ana a sukulu usiku uno.

Aphunzitsi: Ndamvetsera zonse ndipo ndaphunzira. Kuno zala sizidulidwa, koma mu Juni ndi Julaye ku Dedza kuno ana amafika m'kalasi manja ali gwa, pensulo osagwirika mpaka dzuwa litakwera. Ambiri juzi alibe, amabwera atadzikulunga chitenje cha amayi awo. Ndiye ndimati zikatsalako kumeneko, mungatikumbukire?

Bambo a Tadala: Mwaona? Ndi zimene ndimanena poyamba paja.

Achemwali: Koma kutumiza katundu kuchokera ku Canada kungadye ndalama zoposa katunduyo. Wulu amagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo amayi a Chigwirizano ndi a Dorika oluka ali m'mudzi uliwonse. Bwanji mutumize ndalama mu Epulo, aluke konko, nawonso apezepo ya sopo?

Aphunzitsi: Imeneyo ndiye yabwino koposa. Kuno chofunika ndi majuzi ndi zipewa, osati za m'manja kwenikweni. Ndipo amayi akuno amalukanso tizipewa ta ana obadwa masiku asanakwane, timene amavala akakhala pachifuwa cha amayi awo kuchipatala. Wulu wotsala sutayika.

Make Chisomo: Ndiye chisanu chathu chikamatha, chanu chikuyamba. Bambo a Tadala, ya Epuloyo muyendetse ndinu, poti ndinu munaiyambitsa.

Bambo a Tadala: Ndavomera, bola alembi azilemba zonse poyera. Za kunoko ine ndigula zakunja zachikopa za akuluakulu, ndikudziwa kumene amagulitsa za anthu a ntchito pa mtengo wabwino. Koma ndanena kale, timagolovesi totambasuka tija ndalama ya gulu isagule.

Mlembi wa gulu: Ndalemba. Zithunzi za mtengo ndi za osoka okha. Zopereka zifike kwa ine pofika Lachisanu, kuti Loweruka Make Vitumbiko akasake majuzi.

Agogo a Mayamiko: Loweruka ine ndi Sabata ana anga. Kusokako kukhale Lamlungu masana mukaweruka ku tchalitchi kwanu.

Make Vitumbiko: Pepani agogo, Lamlungu ndithu, kwathu, 2 koloko. Amene ali ndi sizasi yakuthwa abwere nayo, yanga ndi imodzi. Majuzi ndikhala nditachapa kale. Nsima ndiphika, wina abwere ndi ndiwo.

Mphatso: Chinanso amalume. Sabata yoyamba ya Januwale kukubwera ana awiri atsopano ochokera ku Lilongwe, mnyamata ndi mtsikana, adzayamba temu ya pakati. Akuchoka kotentha kwa dzinja nkudzatsikira pa chisanu chenicheni, ndipo ndikudziwa kuti m'chikwama mwawo mulibe chilichonse cha m'manja.

Bambo a Tadala: Unditumizire tsiku ndi nthawi ya ndege ku inbox, ndikawachingamira ndine. Uwafunse saizi ya nsapato ndi ya jekete, ndipo aliyense ajambule dzanja lake pa pepala atumize kwa Make Vitumbiko lisanafike Lamlungu.